Mpanda wa Nkhadze ndi Kakitasi wa ku Florida

Mau amene analankhulidwa pamaso pa aphunzitsi a sukulu za mishoni atasonkhana ku Kapichila, m'boma la Lundazi, pa phunziro la zachilengedwe ndi munda wa sukulu.

Mphunzitsi ali yense wa kuno adziwa mpanda wa nkhadze. Ana aupitirira m'mawa ndi madzulo, ng'ombe zigona m'kati mwake, ndipo mkulu wa pamudzi akafuna kutchinga khola latsopano safunafuna njere ai, angothyola nthambi pa mpanda wa mnansi wake, nazizika pansi, ndipo mvula isanathe zaphuka. Mnansiyo nayenso anathyola kwa wina, winayo kwa winanso, kotero kuti mipanda ya mudzi wathunthu ingathe kukhala mtengo umodzi wokha wodulidwa zidutswazidutswa. Pouyang'ana ndi maso mitengo ichuluka, koma kunena za chibadwa chake ndi umodzi. Nkhani ya lero yagona pa kusiyana kumeneku. Idzayenda ulendo wautali, kufika ku Mexico ndi ku zisumbu za Florida, koma idzabwerera ku munda wa sukulu, kumene mphunzitsi ali nayo mphamvu ya kusunga kapena ya kuononga.

Poyamba payenera kukonzedwa cholakwa china chimene chimveka kawirikawiri m'makalasi. Buku likaonetsa chithunzi cha chomera chaminga cha m'chipululu, dzina lake kakitasi, mphunzitsi afulumira kuloza pa zenera nanena kuti ndi chomwecho chiri pa mpanda apo. Si chomwecho. Nkhadze ndi abale ake akuluakulu amene aima pa mapiri a miyala ngati munthu wokweza manja ali a banja lina, lochedwa Euphorbia, ndipo chizindikiro chao ndi utomoni woyera ngati mkaka, woopsa ukalowa m'maso. Kakitasi adziwika ndi timalo tofewa ngati kansatsi ka thonje, pamene minga yake imera yambiri pamodzi. Mabanja awiriwa afanana chifukwa onse anazolowera ludzu, nasunga madzi m'thupi, nachepetsa masamba. Koma ubale wao ndi wakutali zedi. Kakitasi amene ana a kuno amuona ndiye uja wa makutu ophwatalala ndi zipatso zaminga yaing'ono yoyabwa, amene akatswiri amucha Opuntia, ndipo madoda amene anagwira nchito ku Bulawayo amucha dolofiya. Ameneyo ndi mlendo. Kwao ndi ku America, monganso chimanga ndi chinangwa.

Mitundu ya kakitasi iri ngati 1,500, ndipo yonse kwao ndi ku America kokha kupatula umodzi. Umodziwo, Rhipsalis baccifera, umera wokha m'nkhalango zonyowa za Africa, monga za kum'mawa kwa Zimbabwe, za Mozambique ndi za Tanzania, ndiponso ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Sufanana konse ndi chithunzi cha m'buku. Ulendewera pa nthambi za mitengo ngati zingwe zobiriwira, nubala tizipatso toyera ta njere zomata ngati ulimbo. Ena ati mbalame zinaolotsa njerezo nyanja kalekale, ena ati zinadza ndi zombo. Chimene chayesedwa ndi kupezeka choona ndi ichi, kuti wa ku Africa wasiyana m'kati ndi wa ku South America: timitolo ta chibadwa, timene akatswiri atichula makromozomu, tipezeka 22 mwa wa ku South America, 44 mwa wa ku Africa, ndipo mwa ena a ku Madagascar tifika 88. Dzina ndi limodzi, maonekedwe apafupi, koma cholowa cha m'kati nchosiyana.

Tsono cholowa chimenechi nchiani? Mwana wa sukulu achidziwa kale ngakhale sadziwa dzina lake. Adziwa kuti ana a bambo mmodzi ndi mai mmodzi safanana onse: wina ndi wamtali, wina woderapo, wina atenga malungo chaka ndi chaka pamene mbale wake apulumuka. Adziwanso kuti chisononkho cha chimanga cha makolo chikhala ndi maso oyera, ena achikasu, ena ofiirira. Gregor Mendel, wansembe amene analinso mphunzitsi wa sukulu ku Brno, anabzala nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe zaka zambiri, nawerenga ana a mbeu zake mmodzimmodzi, ndipo mu 1866 anasindikiza malamulo a kutengera kumeneku. Timalangizo timene kholo lipatsira mwana masiku ano tichedwa majini, liu limene mphunzitsi ayenera kulimasulira mosamala, pakuti mwana wa kumudzi akamva majini aganiza za mizimu yogwira anthu. Chomera chobadwa ku njere chilandira theka la timalangizo kwa duwa lobala ndi theka kwa mungu, ndipo chikhala chatsopano, chosafanana ndi china chiri chonse. Chomera chobadwa ku nthambi, monga nkhadze, chinangwa, mbatata ndi ana a nthochi, sichilandira kanthu katsopano. Chiri kholo lomwe lija pa malo ena.

Phindu la kusiyanasiyana lioneka tsiku la tsoka. Nthenda ikagwa pa zomera zikwi zosiyana chibadwa, zina zifa, zina zidwala ndi kuchira, ndipo zochepa sizikhudzidwa konse. Zimenezo ndizo zidzabala mbeu ya mawa. Koma ikagwa pa zikwi zimene ziri chomera chimodzi, chimene chapha choyamba chidzapha chotsiriza. Anthu a ku Ireland anadalira kwambiri mtundu umodzi wa mbatata ya kachewere wochedwa Lumper; chiwau chitafika mu 1845 minda inaola, ndipo m'zaka zochepa anthu ngati miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi nthenda zotsata njala. Nthochi ya malonda yochedwa Gros Michel inagonja ku nthenda ya m'nthaka m'zaka za m'ma 1950, ndipo ya Cavendish imene inalowa m'malo mwake nayonso ili ndi mdani wake, amene anapezeka m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 2013.

Kakitasi amene aonetsa bwino koposa za ngozi imeneyi ndiye Consolea corallicola wa ku zisumbu zazing'ono za kumwera kwa Florida, m'dziko la United States. Ndi kamtengo kaminga ka maluwa ofiira, kotambasula makutu ake uku ndi uku ngati mikono ya chizindikiro cha pa njanji. Katswiri wa zomera John Kunkel Small anamupeza mu 1919, namulemba dzina mu 1930. Pambuyo pake nkhalango za pa zisumbuzo zinadulidwa, nyumba zinamangidwa, okonda zomera zachilendo anazula zimene anakhoza, ndipo pa malo amene Small anamuona anatheratu. M'zaka za m'ma 1980 kunapezeka kagulu ka mitengo yoposa khumi pang'ono pa chisumbu cha Little Torch Key, ndipo mu 2001 gulu lina la mazana angapo linapezeka pa chisumbu china m'malo osungidwa a Biscayne. Anthu anakondwera, pakuti mazana aposa khumi. Koma akatswiri atayesa chibadwa cha mitengoyo anapeza kusiyana kochepa kwambiri. Chifukwa chake nchomvetsa chisoni. Maluwa a kakitasi ameneyu atulutsa mungu, koma mbali yachikazi siigwira nchito bwino, kotero kuti njere zabwino zisowa. Achuluka pogwetsa makutu ake pansi, ndipo khutu liri lonse limera mizu. Mazana aja tsono ali ngati mpanda wa nkhadze. Owerenga mitu apeza mazana, owerenga chibadwa apeza ochepa.

Mdani anafika m'njira imene palibe anaiyembekeza, ndipo nkhani yake iyenera kufotokozedwa kwa ana a m'makalasi apamwamba, chifukwa iphunzitsa kuti mankhwala a mudzi wina angakhale ululu pa mudzi wina. Opuntia atatengedwa kupita ku Australia anafalikira kufikira anaphimba mahekitala ngati 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, ndipo alimi anathawa minda yao. Mu 1925 boma linaitanitsa kuchokera ku Argentina kadziotche wochedwa Cactoblastis, amene mbozi zake ziboola khutu la kakitasi ndi kulidya m'kati. Anamasulidwa mu 1926, ndipo zisanathe zaka khumi thengo laminga lija linagwa. Alimi a ku Boonarga anayamika kotero kuti anamanga nyumba ya misonkhano naicha dzina la kachiromboko. Kapena ndi malo ochepa pa dziko lapansi pamene mbozi inalandira ulemu wotere. South Africa inamutenga mu 1933. Mu 1957 anamutengera ku chisumbu cha Nevis ku Caribbean, ndipo kuchokera kumeneko anayenda chisumbu ndi chisumbu mpaka anaoneka ku Florida mu 1989. Kumeneko sanapeze udzu woononga minda, koma anapeza mitengo yowerengeka ija ya pa Little Torch Key. Osunga malowo anachita kumanga zikwere za waya kuzinga mitengo kuti kadziotche asaikirepo mazira. Pamwamba pa zimenezi pali madzi amchere, pakuti zisumbuzo nzotsika kwambiri, nyanja ikukwera, ndipo anamondwe aomba kumeneko, monga wa Irma mu 2017. Boma la United States linalemba kakitasi ameneyu m'gulu la zotsala pang'ono kutha mu 2013, ndipo munda wa zomera wa Fairchild ku Miami usunga ena ndi kuwabzalanso pa malo atsopano. Nchitoyo ndi yabwino, koma khutu lobzalidwa pa malo khumi likhalabe khutu la mtengo womwewo, ndipo munthu sangathe kubweza kusiyana kumene kunatayika pamene nkhalango zija zinadulidwa.

Wina anganene kuti chomera chikakondedwa ndi amalonda sichingathe. Ayang'ane za Echinocactus grusonii, kakitasi wobulungira ngati mtsuko, wa minga yachikasu, amene agulitsidwa m'miphika m'mizinda ya maiko ambiri. M'minda ya anthu alimo wosawerengeka, koma kwao ku Mexico alembedwa pakati pa zomera za pangozi. Okumba anamuchepetsa poyamba, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1990 damu la Zimapán, pa malire a Hidalgo ndi Querétaro, linamiza mbali yaikulu ya chigwa chimene anali kumera. Wamalonda asankha wokongola ndi wokula msanga, ngakhale wopanda minga, ndipo salemba phiri limene makolo a chomera chake anachokera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2015 akatswiri a bungwe la IUCN, motsogozedwa ndi Bárbara Goettsch, anafalitsa zotsatira za kuyesa mitundu 1,478 ya kakitasi, napeza kuti 31 mwa 100 iri yonse iri pangozi ya kutha, ndi kuti kukumba zomera m'thengo kukagulitsa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Mu 2020 apolisi a ku Italy anagwira zomera zoposa 1,000 zozulidwa m'chipululu cha Atacama ku Chile, ndipo chaka chotsatira zambiri zinabwezedwa kwao. Pangano la maiko lochedwa CITES, losainidwa ku Washington mu 1973, limene Zambia ndi Malawi ali m'kati mwake, liletsa kuolotsa zomera zotere malire popanda chilolezo.

Nanga zonsezi zikhudza bwanji sukulu ya kwa Mfumu Kapichila, kumene kulibe chipululu, kulibe nyanja? Zikhudza m'njira zingapo, ndipo yoyamba ipweteka kuichula pamaso pa aphunzitsi. Pa mapiri a miyala a dziko lino pamera zomera za mtundu wa Aloe, zimene anthu masiku ano angozicha zonse alovera, ngakhale kuti Aloe vera weniweni ndi wa m'munda ndipo kwao ndi ku Arabia. Zichita maluwa ofiira m'nyengo yachisanu, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa tinyamula mungu kuchoka pa chomera china kupita pa china. Gulu la pa phiri limodzi kawirikawiri likhala laling'ono ndi lotalikirana ndi gulu la pa phiri lina. Tsono ikamveka mbiri yakuti woyendera sukulu ali m'njira, si zachilendo kuti mphunzitsi wakhama atume kalasi lonse ku phiri ndi makasu, kuti bwalo la mbendera likongole. Ana makumi anai akabwera ndi chomera chimodzi ali yense, phirilo latha tsiku limodzi. Mlendo ayamika, nalemba zabwino m'buku. Mwezi wa October mbuzi ndi dzuwa zitsiriza nchito. Mphunzitsiyo sanafune choipa, koma wachita pa phiri la kwao chimene okumba anachita ku Florida.

Yachiwiri ndi ya chikanda, chimene ena achicha chinaka. Chakudya chimenechi chipangidwa ndi timbatata ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, a mitundu yochedwa Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis, posinja pamodzi ndi mtedza. Kale chinali ndiwo ya pakhomo; chitalowa m'misika ya Lusaka ndi Copperbelt, okumba anafika kutali. Akatswiri a bungwe la Wildlife Conservation Society anawerengera mu 2003 kuti timbatata pakati pa 2.2 ndi 4.1 miliyoni tinali kulowa mu Zambia chaka ndi chaka kuchokera ku mapiri a kumwera kwa Tanzania, ndipo dziko limenelo linakhazikitsa malo osungidwa a Kitulo mu 2005 makamaka chifukwa cha maluwa. Phiri la Nyika, limene liri kumpoto kwa Lundazi, liri ndi mitundu ya maluwa a banja limeneli yoposa 200. Palibe chifukwa chonyozera mai wokumba chikanda kuti apeze ndalama ya sopo ndi makope a ana. Njala siimva phunziro la zachilengedwe. Koma mwana wake angaphunzitsidwe kuti chomera chokumbidwa chisanabalalitse njere chapita pamodzi ndi ana ake onse, ndi kuti dambo likasiyidwa mbali ina chaka chino lidzapatsanso. Mphunzitsi asayese kusamutsira maluwa amenewa ku munda wa sukulu. Njere zake nzazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda tibowa tina ta m'nthaka ya kwao.

Yachitatu iri m'nkhokwe. Mbeu za haibulidi zipatsa zokolola zambiri pakakhala feteleza ndi mvula yabwino, ndipo mphunzitsi sayenera kuzinenera zoipa. Koma chimanga cha makolo cholimba pokonola, mawere, mapira, nzama, khobwe, maungu a mitundumitundu ndi mtedza wa Chalimbana ndizo chuma cha kusiyanasiyana chimene akatswiri opanga mbeu zatsopano atapamo. Chifukwa chake maiko a SADC anamanga nkhokwe yao ya mbeu ku Chalimbana, pafupi ndi Lusaka, imene inayamba mu 1989. Zambia isunga zake ku Mount Makulu. Ndipo ku Svalbard, pa chisumbu cha chisanu choopsa kumpoto kwa Norway, nkhokwe ya dziko lonse inatsegulidwa mu 2008. M'menemo njere zouma zisungidwa pa kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro. Komatu njere ya m'botolo yaima. Siphunzira chilala cha chaka chino kapena mbozi yatsopano. Imene iphunzira ndi ija agogo aipachika pa utsi m'khichini ndi kuibzala chaka ndi chaka.

Osonkhanitsa njere za m'thengo ali ndi lamulo limene mwana wa Giredi 6 angalisunge: atenge njere ku zomera zosachepera 50 zotalikirana ngati zilipo, ndipo asatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a njere zakupsa tsiku limenelo. Sukulu yofuna Aloe pa bwalo lake idikire mwezi wa August kapena September, pamene zibalobalo zauma ndi kuyamba kung'ambika, itenge njere pang'ono ku zomera zambiri, nizifese mu mchenga wosakaniza ndi dothi. Zichedwa kukula, ndipo woyendera sukulu wa chaka chino sadzaziona. Wa zaka zitatu kapena zinai zikudzazo adzaona maluwa, phiri lidakali ndi zake. Chimodzimodzi posunga mbeu ya chimanga cha makolo m'munda wa sukulu: isatengedwe ku zisononkho ziwiri kapena zitatu zazikulu zokha, pakuti chimanga chikwatirana pachibale chifooka msanga, koma ku zisononkho zambiri za pakati pa munda.

Phunziro lenileni lingaperekedwe popanda buku. Mphunzitsi akonze mizere iwiri mvula ikayamba. Mu mzere woyamba ana abzale zidutswa khumi za phesi limodzi la chinangwa. Nkhadze isagwiritsidwe nchito, chifukwa cha maso a ana. Mu wachiwiri abzale njere khumi za dzungu limodzi la kumudzi. Sabata ndi sabata alembe maonekedwe a masamba ndi msinkhu, ndipo pokolola aike zipatso pa tebulo. Chinangwa chidzafanana ngati asilikali pa mzere, kusiyana kwake kudzakhala kwa nthaka ndi madzi kokha. Maungu ambiri adzatuluka osiyana khungu, kukula ndi kukoma. Pamenepo mphunzitsi afunse kuti nthenda itagwa, mzere uti ungatsale ndi kanthu. Asawayankhire.

Sukulu iri yonse ikhalenso ndi kope limodzi lolembamo zomera za m'dera lake: dzina la Chitumbuka kapena la Chinyanja monga alinena akulu, malo, mwezi wa maluwa, ndi chiwerengero cha zomera pa gulu liri lonse, kuti wodzalowa m'malo mwa mphunzitsi atasamutsidwa adziwe ngati zachepa. Kopelo likhale mu ofesi, ndipo malo a zomera zosowa asauzidwe kwa mlendo wofunsa ndi ndalama m'manja. Ana achenjezedwe za moto wosakira mbewa pa mapiri amenewo njere zisanagwe. Kunena za dolofiya wa pa mpanda, iye safuna chitetezo cha munthu ai; khutu lotayidwa kuseri kwa kalasi limera pomwepo, ndipo minga yake ivulaza milomo ya ng'ombe ndi mbuzi. Odulira aunjike makutuwo pa thanthwe kufikira aume ndi kuwatentha, kapena awakwirire m'dzenje lakuya mpaka m'chiuno.